Chijasi ndi Makina a Adada

Ndinatsimikiza zopita ku Kitwe tsiku limene adada anandiikira patebulo fomu ya ku koleji ya aphunzitsi kachitatu. Iwo anali mphunzitsi wopuma, agogo analinso mphunzitsi kwathu ku Nkhata Bay, ndipo kwa iwo mwana wamwamuna wosagwira choko anali wotayika. Ine choko chinkandiyetsemulitsa. Mnzanga anali atandipezera ukalaliki m'sitolo ya zipangizo za galimoto ku Zambia, ndipo ndinauza adada zimenezi pakhonde pathu ku Chibanja, kamvula ka Mzuzu kosatopa kaja kakuwaza.

"Pita," anatero. Tsiku lonyamuka anati bondo likuwawa, choncho kudepoti anandiperekeza ndi mlongo wanga Tiwonge yekha. Ndinakwera basi ndikudziwa kuti ndawakhumudwitsa, ndipo zinandipweteka kwambiri.

Chinthu chimodzi chokha chinkatigwirizanitsa ine ndi adada: mabuku a Chingelezi a kazitape wina wake. Pachikuto pa buku lililonse panali munthu wovala jasi lalitali, ndiye kwathu tinangomutcha Chijasi. Dzinali linatithandiza, chifukwa masiku amenewo mawu oti kazitape sunkawatchula mokweza, kuli bwanji kuwalemba m'kalata imene ikhoza kufika yotsegulidwa kale. Mabukuwo adada ankabwerekana ndi a Saidi, ogulitsa nsalu pamsika, ochokera ku Mangochi, ndipo Loweruka lililonse awiriwa ankakangana za Chijasi ngati ndi mbale wawo.

Ku Kitwe ndalama sizinkayoledwa pansi monga ankanenera anthu. Ndinkalipira kachipinda, kudya, n'kutumiza kotsalako kumudzi. Koma chondisautsa chinali Lamlungu. Ndinkachapa malaya oyera kale kuti tsiku lithe. Ndinalembera adada makalata atatu, onse anapita ngati mwala m'chitsime.

Tsiku lina pabenchi la mabuku akale ndinaona jasi lija. Buku latsopano! Nditayang'anitsitsa, pansi pa dzina la wolemba panali dzina linanso m'timalemba ting'onoting'ono. Wogulitsa anandiuza kuti mwini nkhani anamwalira ndipo wina ndiye akupitiriza. Ndinaligula, ndinalikulunga m'nyuzipepala, n'kulitumiza popanda ngakhale moni.

Patatha milungu itatu kunabwera kalata. Ndinaizindikira ndisanawerenge, chifukwa inali yotayipidwa pa makina akale a adada, amene chilembo chake cha "e" chimadumphira m'mwamba. Munalibe "muli bwanji" m'menemo. Inangoyamba: "Uyu si Chijasi. Chijasi sapepesa, saseka, ndipo sangakhale masamba awiri akuganiza za amayi ake. Wolemba watsopanoyu wavula munthu jasi n'kuveka mnzake. Ndi wakuba. Likatuluka lina utumize."

Ndinaseka ndekha m'chipinda muja mpaka misozi. Adada anali atandilankhula.

Kuyambira pamenepo buku limapita, kalata imabwera. Nkhondo ya ku Chibanja ndinkaimvera m'makalatamo. "A Saidi akuti watsopanoyu ndiye wabwino, eti Chijasi tsopano ali ndi mtima. Munthu woyeza nsalu angadziwe chiyani za mabuku?" Ulendo wina: "A Saidi analira pomwe Chijasi anakhululukira womupereka uja. Ndinawabwereka mpango." Ine ndinkayankha mothira mafuta pamoto, lero mbali ya uyu, mawa ya uyo, kuti makalata asaleke.

M'chaka chachiwiri kunsi kwa makalata kunayamba kuoneka mizere ina, pamwamba penipeni pa siginecha yawo. "Kuno kwazizira. Ndakumbuka mmene unkabisalira m'jasi langa popita ku tchalitchi." Kalata ina: "Nyumba ino yakula chichokere iwe." Ndipo ina, imene ndinaiwerenga mpaka kuperepeseka: "Ukalaliki ndi ntchito yaulemu. Ndilibe nawe mlandu, mwana wanga." Ndinkawasunga m'chitini cha mabisiketi. Ndi amene anandipatsa mtima wobwerera, patatha zaka zisanu ndi chimodzi.

Ndinameta tsitsi ndisanafike pachipata cholowera m'dziko, ndinagula khadi la chipani, ndipo ndinatsika basi pa Mzuzu nditanyamula sutikesi ndi buku latsopano la Chijasi. Ku Zolozolo, kumene tinkatola bowa, kunali nyumba zokhazokha. Kwathu ndinawapeza adada pakhonde pomwe paja.

"Mwafika makola?" anafunsa za ulendo wanga, koma nkhope anailozetsa pambali pang'ono, kumene ine kunalibe. Maso onse awiri anali oyera ndi ng'ala. Anandipapasa kumaso, nati, "Wanenepa. Ku Zambia kulibe ntchito eti?"

Tiwonge anandikokera kuseri kwa nyumba. Anati maso anayamba kuvuta m'chaka changa chachiwiri, ndipo adada analetsa kundiuza. Mabuku ankawawerengera ndi iye, makalata ankatayipa ndi iye, iwo akunena.

"Nanga mizere ya kunsi ija?" ndinafunsa.

Anayang'ana pansi. "Ija njanga, adumbu. Iwo amangonena za Chijasi. Ine nkhaona kuti mukuvutika chomene."

Zaka zonsezi ndinkagona ndi chikhululuko cha mlongo wanga, ndikuyesa n'cha bambo anga. Nyama imene anandiphikira tsiku limenelo sindinaimve kukoma.

Mawa lake linali Loweruka, ndipo a Saidi anafika ndi kofia wawo woyera, akupukuta manja ataona buku patebulo. Tisanatsegule n'komwe mkangano unabuka. A Saidi anati wolemba woyamba ankadziwa mfuti ndi masitima, koma wachiwiriyu amadziwa anthu. Adada anati akanadziwa anthu akanayambitsa munthu wakewake. Kenako onse anandifunsa ine.

"Adada akunena zoona," ndinatero. "Wolemba wachiwiri ndi wakuba. Amaika m'kamwa mwa munthu mawu amene mwiniwake sananene, ndipo wowerenga wopusa amakhulupirira."

Tiwonge, amene amathira tiyi, anaima chilili. Adada anayamba kuseka, kuseka kwenikweni, mpaka kutsokomola.

"Iwe Wongani, zaka makumi atatu ndikuchonga mayeso, ukuganiza ndingasaine pepala losadziwa zili m'menemo? Ng'ala ili m'maso, m'makutu mulibe. Ine ndasiya kulankhula, makina akulirabe, taka taka taka. Tsiku loyamba lomwelo nkhamuuza kuti, mwanakazi iwe, werenga mpaka kunsi." Anatembenukira kumene kunkalira makapu. "Tiwonge, muuze dumbu wako. Ndinafufutapo?"

"Yayi," anatero Tiwonge, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Munangondikalipira sipelo ya ukalaliki. Munati nditayipenso tsamba lonse."

"Tsamba lonse," anabwereza adada monyadira. "Kalata ya chikhululuko singapite ndi sipelo yolakwika."

A Saidi anawomba m'manja. "Basi aphunzitsi, mwagonja! Mwavomera nokha kuti wolemba wachiwiri amanena zimene woyamba ankachita nazo manyazi."

"Wa m'bukuyo ndi wakubabe," anatero adada. "Wa m'nyumba muno ndi wina. Ameneyu amandidziwa."

Ndinkafuna kuseka, ndinkafuna kulira, ndipo ndinachita zonse ziwiri pamaso pa mlendo, munthu wandevu zanga. Adada anasendera pabenchi lawo, limene chibadwire sindinakhalepo iwo alipo, nagogoda thabwa ndi chikhatho.

"Khala apa. Lero uwerenga ndiwe, mlongo wako apume. Tiyambe tsamba loyamba, timve wakubayu wabanso chiyani."

Ndinakhala, ndinatsegula buku, ndipo ndisanamalize mzere woyamba anali atandikonza kale katchulidwe, dzanja lawo lili pabondo langa.