Khoma Liume Kaye

Tsiku limene apongozi ake aakazi anatenga mwana n'kupita naye kwawo, make Kanjiwa sanalire pamaso pawo. Anawaperekeza mpaka pamsewu, n'kubwerera m'nyumba, n'kukhala pansi moyang'anizana ndi khoma limene linamulanda mwanayo. Apo ndi pamene misozi inatsika. Inu amene zakuthinani lero, mverani nkhani ya mayi ameneyu.

Anali telala. Mwamuna wake atamwalira anamusiyira kanyumba, makina osokera ndi mwana mmodzi wamkazi, amene ankamutcha Kanjiwa chifukwa cha kufatsa kwake. Maliro asanaiwalike n'komwe, khoma la pakati pa bafa ndi chipinda chogona linayamba kunyowa. Linada ndi chuku kuyambira pansi, nsalu za makasitomala zinayamba kununkha chinyontho, ndipo mwana anayamba kukhosomola.

Mmisiri woyamba anamupeza pamsewu, wodziwika ndi dzina loti a Changu. Munthu wa pakamwa pokoma, wa nsapato zopukuta bwino.

"Mayi, izi n'zazing'ono," anatero a Changu. "Mawa madzulo muiwala kuti munali vuto."

Anapala khoma, anapaka penti yoyera mbee, analandira zawo n'kumapita. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Pasanapite nthawi penti inatupa matuza, chuku chinabwerera ndi abale ake, ndipo Kanjiwa anagonekedwa m'chipatala ndi mphumu. Foni ya a Changu nayo inadwala, inasiya kupezeka.

Apongozi aja sanali munthu woipa, musawaweruze. Anali ataika kale mwana wawo m'manda, ndipo mantha awo anali oti angaikenso mdzukulu.

"Amake Kanjiwa, mwanayu akhala kwathu tchuthi chonse," anatero. "Sukulu ikamatsegulidwa ndidzabwera kudzaona. Nyumba ikadzakhala ili chonchi, ndikamulembetsa sukulu ya kwathu."

Kwawoko kunali kutali, kokwera minibasi. Make Kanjiwa anadziwa kuti mwana akangolembetsedwa kumeneko, azidzamuona ngati mlendo.

Atalira zokwanira anadzifunsa kuti analakwitsa pati. Yankho analipeza pa ntchito yake yomwe. Iye akafuna kudziwa ngati diresi lasokedwa bwino sayang'ana kunja, amalitembenuza n'kuona msoko wamkati. Nanga bwanji a Changu anawakhulupirira chifukwa cha pakamwa ndi nsapato?

Kuyambira pamenepo anasiya kufunsa amisiri. Anayamba kufunsa nyumba zimene amisiriwo anakonza. Akapita kukapereka zovala kwa kasitomala ankayambitsa nkhani: munakhalapo ndi khoma lonyowa? Anakonza ndani? Mvula yadutsapo chikonzereni? Akamulola, ankasuntha kabati, kuika dzanja pakhoma ndi kununkhiza pakona. Ena ankamuseka kuti wasanduka wapolisi wa makoma. Iye ankangoti safunsa anadya phula, ndipo phula lake anadya kale.

M'nyumba zambiri anapeza chinyontho chitabisala kuseri kwa makabati. Koma m'nyumba zingapo khoma linali louma gwa, ndipo eni ake ankatchula munthu mmodzi yemweyo: a Chidodo.

"Ntchito amaidziwa," anatero mayi wina wogulitsa makala. "Koma mukhale ndi mtima wautali. Ine ndinatsala pang'ono kuwathamangitsa."

A Chidodo anafika pa njinga yokalamba ngati iwo omwe. Za mtengo sanafulumire kunena. Anapempha kuti mipopi yonse itsekedwe, kenako anamutengera make Kanjiwa panja pa mita ya madzi.

"Mayi, taonani. M'nyumba simukutuluka madzi paliponse, koma mita ikuyenda. Paipi yabooka mkati mwa khoma. Tigumula pulasitala, tisintha paipi, kenako khomalo tilisiya lamaliseche mpaka liume."

"Mpaka liti, bambo?"

"Linena ndi khomalo. Ine sindingaliuze."

Make Kanjiwa anawafotokozera za apongozi, za sukulu, za mwana. A Chidodo anamvetsera atagwira chipewa m'manja.

"Ndamva, mayi, ndipo zandikhudza," anatero. "Koma ndikamata pulasitala pa njerwa zonyowa, mwana abwera inde, kenako abwerera kuchipatala. Zimenezo ine sindichita. Ngati mukufuna zachangu, amisiri alipo ambiri, sindikwiya."

Aka kanali koyamba kuti mmisiri amuuze mawu osakoma. Anawapatsa ntchito.

Nyumba inaipa kuposa kale. Fumbi ponseponse, njerwa pamtunda, mawindo otsegula tsiku lonse. Paipi yowola ija ataitulutsa anamuonetsa kabowo kake, kochepa ngati diso la singano, ndipo make Kanjiwa anaseka mowawidwa mtima kuti kanthu kotere n'kumene kabalalitsa banja. A Chidodo anamuphunzitsanso kayesedwe ka khoma: kumata kapepala ka pulasitiki panjerwa, kutseka m'mbali monse ndi tepi, n'kudzakamatula mawa lake. Kakachita thukuta mkati, ndiye kuti khoma lidakali ndi madzi.

Poti m'nyumba munali fumbi, makina anawatulutsira pakhonde. Kumeneko n'kumene mwayi unamupeza. Anthu odutsa, amene kale sankadziwa kuti m'nyumbamo muli telala, anayamba kuima. Uyu zipi, uyu yunifolomu ya mwana, uyu diresi la ukwati. Ankasoka mpaka msana kuwawa, ndipo simenti ndi mchenga ankagula pang'onopang'ono ndi thukuta lakelo. Koma m'mawa uliwonse akamatula kapulasitiki kaja, ankapeza madontho.

Sukulu itatsala pang'ono kutsegulidwa, a Changu anatulukira ngati sanalakwepo kanthu.

"Mayi, ndamva kuti apongozi akubwera. Nkhalamba ija ikuchedwetsani. Ndimate lero, mawa penti, akafika apeza nyumba ikuwala. Mwana akabwera, zinazo muziona pambuyo."

Tisaname, mtima wake unagwedezeka. Anali atasowa mwana wake moti nthawi zina ankapezeka watenga mbale ziwiri pomwe akudya yekha. Anayang'ana khoma, anayang'ana a Changu, n'kukumbukira mmene chifuwa cha Kanjiwa chinkalirira pa bedi la kuchipatala.

"Pitani bwino, bambo," anatero. "Penti yanu ndinaiona."

Apongozi anabwera tsiku limene ananena. Atalowa m'chipinda n'kuona njerwa zili pamtunda, nkhope yawo inagwa.

"Tchuthi chonsechi, amake Kanjiwa, nyumba mwaigumula m'malo moikonza?"

Make Kanjiwa sanadziteteze. Anamatula kapulasitiki pakhoma n'kuwapatsa m'manja. Kanali ndi timadontho tochepa, koma tinalipo.

"Amayi, paipi tasintha, madzi sakutulukanso, koma khomali silinaume. Ndikanatha kulipaka penti dzulo kuti ndikunamizeni. Mwana ndikumufuna, Mulungu akudziwa. Koma asabwere kaye. Akhalebe kwanu."

Mawu amenewo anatuluka movuta ngati akudzizula dzino yekha. Mayi amene anavutika tchuthi chonse kuti mwana abwerere, ndi yemweyo amene ananena kuti asabwere.

Apongozi anakhala pampando. Anayang'ana kapulasitiki kaja nthawi yaitali, kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango wawo.

"Ine ndimabwera ndi mawu okonzakonza, oti ndikutsutseni," anatero. "Ndimaganiza kuti mundibisira. Mwana wanga, munthu wokana mwana wake kuti mwanayo apume bwino, ameneyo sindingamulande mwana. Sukulu sasintha. Ndizibwera naye m'mawa pa minibasi, akaweruka azidya kuno pakhonde, madzulo ndizibwerera naye, mpaka khoma lanulo litalankhula."

Anachitadi zimenezo, ngakhale miyendo yawo inali yotupa. Masana ankakhala pakhonde kudikira mdzukulu, ndipo poti manja awo sankadziwa kukhala chabe, anayamba kusokerera mabatani ndi kupinda mipendero. Azimayi awiri amene imfa inawasiya akuyang'anana mokayikirana anayamba kuseka limodzi, mpaka makasitomala ankayesa kuti ndi mayi ndi mwana wake wobereka.

M'mawa wina kapulasitiki kanatuluka kouma. A Chidodo, mwa chidodo chawo, anati ayesenso pakona ina. Nakonso kanauma. Apo ndi pamene anamata pulasitala, anadikira kuti nayo iume, n'kupaka penti. Fungo la penti litatha, Kanjiwa anabwerera kwa amake, ndipo mvula ya chaka chimenecho inagwa n'kutha khoma lili louma, mwana akupuma bwino.

Lero make Kanjiwa ali ndi makina atatu pakhonde lomwe lija, ndipo akuphunzitsa kusoka azimayi ena amasiye. Wina mumsewumo khoma likamunyowera, amayamba wadzafunsa kwa iye. Malangizo ake ndi achidule: kaoneni nyumba zimene mmisiriyo anakonza kale, muone ngati akufufuza kumene madzi akuchokera, ndipo wokulonjezani zamawa mumuope.

Koma chimene iye amakonda kufotokoza si makinawo. Amati Kanjiwa atangobwerera, tsiku lina anamupeza atagwada m'chipinda muja ndi pensulo, akujambula pakhoma latsopanolo anthu atatu ogwirana manja: wamng'ono pakati, wamtali mbali iyi, wa mpango mbali inayo. Mwana ataona amake anabisa pensulo kumbuyo, akudikira kukalipiridwa.

"Wayiwala a Chidodo," anatero make Kanjiwa. "Uwajambule apa, ndi njinga yawo."

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso muli ndi khoma lonyowa m'moyo mwanu, ndipo wina akukuuzani kuti mungolipaka penti anthu asaone. Musavomere. Gumulani, pezani pamene pakudontha, funani munthu wokuuzani zoona ngakhale zikhale zowawa. Anthu adzaona njerwa zanu zili pamtunda ndipo ena adzaseka, alekeni aseke. Mtima wokha musautaye, limbikani mpaka liume.