Munati injini ya bambo anga yafa

Inu a shopu ya mainjini a maboti ku Liwonde, munandiuza kuti injini ya bambo anga yafa. Munati mwaiphwasula, zotsala mwagulitsa kwa otola zitsulo. Munalankhula mukundiyang'ana m'maso. Ndikulemba izi nditangobwera kokaika maliro a bambowo, ndipo ndikufuna anthu amve zimene munatichita. Dzina la shopu sinditchula. Mukudzidziwa nokha.

Kwa amene simundidziwa, ndine Esinati, ndimagulitsa mpunga kuno ku Domasi. Bambo anga, a Namakhwa, kwawo ndi ku chilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa. Kuno anabwera kudzakwatira amayi, n'kukhazikika pa chikamwini. Koma moyo wawo unali pa boti lawo lamatabwa, limene analikhoma ine ndisanabadwe. Linkakhala pa doko la Kachulu, kuwolotsa anthu, matumba a matemba, njinga, mbuzi. Kukagwa maliro, bambo ankawolotsa bokosi ulere. Ankati munthu wopita kwawo komaliza salipiritsidwa.

Injini yake inali nkhalamba ngati eni ake. Chivundikiro chinali chomanga ndi linya. Chogwirira cha chingwe cholizira chinathyoka kalekale, bambo n'kusema china cha mlombwa. Poliza inkayamba yatsokomola kaye, kenako n'kulira kulira kwakekwake, moti anthu a ku Chisi ankadziwa kuti a Namakhwa akubwera boti lisanaoneke.

Chaka chino bambo anadwala. Kuchipatala anatiuza mosabisa kuti tipite nawo kunyumba tikawasamalire. Iwo anamva, ndipo sanadandaule. Anangopempha chinthu chimodzi: kukaona mlongo wawo ku Chisi, azakhali anga a Elube. M'mimba mwawo anatsala awiriwo basi. Azakhali maso anachita khungu, miyendo nayo siyenda patali. Bambo anafuna kupita pa boti lawo, atagona bwinobwino pa matiresi, osati kupanikizana ndi matumba m'boti la eni lodikira kudzaza dzuwa lili pamutu.

Achimwene anga a Yohane, amene akhala akuyendetsa botilo chidwalireni bambo, anandiuza kuti injini yakale yayamba kuzimazima. Ndinaopa. Kuima pakati pa nyanja ndi munthu wodwala? Ndinagulitsa mpunga wonse umene ndinasunga kuti ndidzagulitse mitengo ikakwera, n'kukwera minibasi kubwera kwa inu.

Tsiku limenelo munandilandira ngati mlendo wa ukwati. Mpando munandipatsa, chakumwa chozizira munandigulira. Ndinakufotokozerani zonse: boti ndi lamatabwa, ndi lakale, limayenda pa Chilwa, ndipo Chilwa si Shire, madzi ndi osaya, pansi ndi matope okhaokha. Ndinanenanso chimene ndikuthamangira. Inu eni shopu munagwira pachifuwa n'kunena kuti injini yanu ndi ya madzi alionse, kuti bambo akafika ku Chisi asanamalize kuimba nyimbo imodzi. Munati yakaleyo tikusiyireni kuti mtengo utsikeko, chifukwa kwa ife yatha ntchito, yafa.

Makaniko wanu, a Majawa, anabwera ku Kachulu ndi galimoto. Anamanga injini yatsopano, n'kuiliza boti lili chimangireni pa doko. Inalira mokoma, sinditsutsa. Anatifunsa ngati tamva kusiyana kwake. A Yohane anati tiyeni tilowe nayo m'madzi tione. A Majawa anati galimoto ndi yahayala, sangachedwe. Anakweza injini ya bambo kumbuyo, n'kumapita.

M'mawa mwake achimwene anakayesa okha. Atangodutsa udzu wa njedza wa m'mbali, pulopela inayamba kulima matope. Mwendo wa injiniyo ndi wautali, umafika pansi penipeni. Timadzi timene timatuluka kumbuyo kusonyeza kuti injini ikuzizira tinasiya. Inatentha, n'kulira kabelu, n'kuzima. Anabwerera pa doko akukankha boti ndi nsungwi, anzawo akuseka.

Ndinaimbira a Majawa. Anati vuto ndi petulo wa m'zigubu wa pa doko, ndi wamadzi. Chabwino. Ndinakagula petulo pa filing'i mu Zomba, n'kumutumiza pa njinga yamoto mpaka ku Kachulu. Injini inazimanso pamalo omwewo. Ndinaimbanso. Anati tisinthe mapulagi. Mapulagi a injini yongotuluka m'katoni? Tinasintha. Inazima. Kenako anati boti lamwa madzi, likulemera, tilitulutse liume. Anthu a pa doko anatithandiza kulikokera kumtunda, linauma, tinalibwezera. Inazima. Mabodza atatha, anati a Yohane sadziwa kuyendetsa injini zamakono. Munthu woti anamera mano ali m'boti. Kodi injini yanu imafuna woyendetsa wa digiri?

Nthawi yonseyi bambo anali kunyumba akudikira. Anauza amayi kuti awasitire jekete. Anandituma ndikagule chitenje ndi shuga za mlongo wawo, n'kuziika kumutu kwa bedi. M'mawa uliwonse ndikalowa kukawadzutsa, moni asanayankhe, ankafunsa za injini. Ku Chisi tinkaimbira pa foni ya mnansi wina, iye n'kukaipereka kwa azakhali. Ndinkawauza zimene inu munkandiuza: injini yakale yafa, yatsopano ikukonzedwa, tikubwera posachedwa.

Nditaona kuti bambo akuchepa mphamvu, ndinaganiza zongopanga hayala boti lina. Ndinaimbira a Majawa ndili pambali pa bedi, foni ndinaikweza mawu, bambo akumva. Mawu a Majawa sindidzawaiwala.

"Mayi, musataye ndalama zanu pachabe. Ndibwera ndekha mawa. Loweruka madala akwera boti lawo lomwe."

Bambo anamwetulira n'kunena kuti tidikire Loweruka, sikutali. Tikanamva chilungamo tsiku limenelo, tikanawawolotsa akadali ndi mphamvu zokhala tsonga. Chimene chikundipweteka kwambiri ndi chimenechi.

Mawa lija a Majawa sanabwere. Foni inangoitana mpaka kudzidukira. Atadzatulukira sabata yotsatira, anabwera ndi thabwa ndi misomali. Anakhoma thabwalo pamwamba pa thabwa la kumbuyo kwa boti, ati injini ikwere isamakhudze matope. Anaikweza mopitirira. Tsopano pulopela inayamba kumeza mpweya, injini kukuwa ngati nkhumba yogwidwa mwendo, boti osasuntha. Ndipo injini yatsopanoyo ndi yolemera kuposa yakale. Thabwa la bambo, lomwe linapirira zaka zonsezi, linang'aluka motsatira misomali ya a Majawa. Madzi anayamba kulowa. Iwo anapukuta m'manja n'kunena kuti vuto ndi boti lathu, ndi lakale kwambiri. Nanga tsiku loyamba munaliona lili mwana?

Ndinabweranso ku Liwonde. Ulendo uno kunalibe mpando. Ndinaima pa kauntala ngati wopempha, inu mukuseweretsa foni. Ndinati tipatseni injini ya mwendo waufupi. Munati muchita kuitanitsa kunja, ndizifunsafunsa. Ndinati tengani yanu mundibwezere zanga. Munati galanti inatha chifukwa injini yayenda m'matope. Anaitumiza m'matopemo ndani? Ndinameza mkwiyo, misozi ili m'maso, ndinati basi, ndibwezereni yakale ija, ngakhale izizimazima tikafika nayo. Apo m'pamene munaika foni pansi n'kundiyang'ana.

"Mayi, ija inali yowola m'kati monse. Inafa. Tinaphwasula, sipanatsale kanthu."

Ndinabwerera ku Domasi ndikulira m'minibasi, anthu akundiyang'ana. Ndinakonza za hayala tsiku lomwelo, koma nthawi inali itatithera. Bambo sakanathanso kupirira msewu wa ku Kachulu. Kungowatembenuza pa bedi ankabuula. Anasiya kufunsa za injini. Tsiku lina m'mawa anandigwira dzanja n'kuloza kumutu kwa bedi. "Esinati, chitenjecho ukampatse Elube. Ukamuuze kuti ndinkabwera." Dzuwa lisanafike pamutu anatisiya.

Mwambo wake ndi woti mkamwini akaikidwe kwawo, ndiye tinanyamuka ndi bokosi kupita ku Kachulu. Titafika pa doko ndinaona boti la bambo lili m'njedza, madzi atafika m'mipando, injini yanu ikunyezimira kumbuyo. Boti limene linawolotsa maliro a anthu onse a ku Chisi linalephera kunyamula mwini wake. Abale anali atapeza boti lalikulu lochokera ku doko lina, kutsidya la ku Machinga. Mwini wake sitinkamudziwa, nayenso sankatidziwa.

Tinakweza bokosi. Amayi a mvano anayamba nyimbo. Mwini boti uja anawerama kuti akoke chingwe, ndipo ndinaona dzanja lake lagwira chogwirira cha mlombwa. Chakuda ndi thukuta, chopindika pang'ono mbali imodzi, momwe bambo anachisemera. Chivundikiro chinali chopakidwa penti watsopano, koma mizere ya linya inkaonekabe. Anakoka. Inatsokomola kaye, kenako n'kulira kulira kwake kuja.

A Yohane anakhala pansi m'boti n'kubisa nkhope m'chipewa. Ine ndinafunsa bamboyo kumene anagula injini. Anayankha mosadziwa kanthu, kuti ku Liwonde, mwezi wathawu, ndipo anatchula shopu yanu. Anati munamuuza kuti mwangosintha kamphira kopopa madzi n'kutsuka kabuleta, ndipo chiigulireni sinamuvutepo. Kamphira. Zonse zimene injini ya bambo inkafuna ndi kamphira kokwana m'dzanja. Nditamufotokozera, bamboyo anangoti kakasi. Titafika anakana kulandira ya hayala. Iye alibe mlandu, anagula ngati wina aliyense.

Injini yakufa ija inatiwolotsa mpaka ku Chisi osazima ngakhale kamodzi.

Azakhali anali atawakhazika pa mkeka pafupi ndi doko, amayi ena atawazungulira. Za maliro ankadziwa. Koma anthu akuti atangomva kulira kwa injini patali, anaimirira okha, munthu woti amachita kudzutsidwa. Nditatsika ndinawathamangira, ndinagwada, n'kuika chitenje m'manja mwawo. Sanachifunyulule. Anandipapasa nkhope mpaka anandizindikira, kenako anandifunsa anthu onse akumva.

"Esinati, imeneyi ndi injini ya achimwene. Suja unkati yafa? Nanga bwanji simunabwere nawo ali moyo?"

Mpaka tinachoka ku Chisi, azakhali sanandilankhulenso. Akuganiza kuti ndinkawanamiza, kuti ndinaumira petulo, kuti ndinaona ngati ulendo wa bambo ndi chibwana cha nkhalamba. Ine amene ndinagulitsa mpunga wonse.

Inu anzanga a pa Chilwa, wogulitsa injini akakuuzani kuti ndi ya madzi alionse, mufunseni kutalika kwa mwendo wake. Makaniko asachoke pa doko musanalowe naye m'madzi. Ndipo yakale yanu musaipereke yatsopano isanakufikitseni kutsidya n'kukubwezani.

Inu a ku Liwonde, injini yanu ili ku Kachulu, kaitengeni, ya mpunga wanga tikambirana. Koma choyamba ndikufuna ichi. Mubwere inuyo ndi a Majawa, tikwere boti limodzi, hayala ndilipira ndine. Tikafike ku Chisi. Mukagwade pa mkeka pamene ndinagwada ine, muwauze azakhali anga ndi pakamwa panu amene ananena kuti injini ija yafa. Ndi okalamba, ndipo sakudya bwino chichokereni mlongo wawo. Musandiuze kuti Loweruka.