A Policarpo ndi Sitima za Malasha

Ku Ntengo-Wambalame kulibe njanji. Wofuna kuona sitima ayenera kutsika mapiri, kudutsa pa Mussacama, kulowera cha ku Moatize, ndipo likakhala dzinja ulendowo umadya tsiku lonse. Komabe mukafunsa pamsika kuti wodziwa za sitima ndani, aliyense amakulozerani kwa a Policarpo, mlimi wa mbatata ya kachewere wokhala kuseri kwa tchalitchi.

Chidwi chimenechi anachitola ku Malawi. Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene nkhondo inathamangitsa banja lawo mu 1986, nakakhala kwa achibale a mayi awo kufupi ndi Balaka. Ana othawa nkhondo ankatunga madzi pomalizira, mpira ankasewera pokhapokha eni mudzi akachepa. Koma sitima ya katundu yodutsa kumunsi kwa mudziwo inalibe mwini. Aliyense ankaiona, ndipo woyendetsa ankabayibitsa ana onse osafunsa kwawo.

Atabwerera kumudzi mu 1993 anasosa munda wa bambo awo umene unali utasanduka tchire, nakwatira a Lídia, nabereka ana anayi. Panadutsa zaka zoposa makumi awiri osaonanso sitima. Tsiku lina akuperekeza matumba a mbatata ku Tete, lole inaphulika tayala pafupi ndi pamene kamsewu ka m'mudzi kamadumpha njanji. Ali chikhalire pamthunzi anamva kulira kwa huta, kenako nthaka ikunjenjemera. Inatulukira sitima ya malasha, mitu iwiri kutsogolo, mabogi osatha. Anaimirira, navula chipewa osadziwa chifukwa chake.

Chaka chomwecho mwana wawo Rosa, amene amagwira ntchito ku Tete, anawapatsa foni yojambula. Kuyambira pamenepo, akagulitsa mbatata, pobwerera ankatsika pamalo aja, kudikira sitima ngakhale maola atatu, kujambula, kenako kukwera shapa, minibasi yomaliza yopita kwawo.

A Lídia, amene sitima ankaitchula kuti komboyo, zinkawasowetsa mtendere. "Bambo a Rosa, komboyo ya dzuloyi ikusiyana pati ndi ya mwezi watha? Zonse n'zakuda."

"Mayi, iyi ikupita yodzaza, imalira pansipansi. Iyo ikubwerera yopanda kanthu, imachita phokoso ngati zitini."

"Ndiye phokosolo likuoneka pachithunzipo?"

A Policarpo ankangoseka. Makadi a foni osungira zithunzi akadzaza ankawasunga m'kabotolo ka mafuta odzola, pamwamba pa kabati.

Pamalo odumphira njanjipo pankakhala mayi wina, a Genoveva, wogulitsa chimanga chootcha ndi masawu. Ndiwo ankawapatsa kampando ndi madzi akumwa, n'kumawaitana kuti Tiyo, kutanthauza amalume. Amuna awo, a Felisberto, ankagulitsa makala panjinga. A Policarpo ankangopatsana nawo moni, osapitirira apo.

Mvula ya 2023 inawononga msewu, moti a Policarpo anatha miyezi inayi osatsika. Atafika mu Meyi anapeza a Genoveva atamanga duku lakuda. Amuna awo anali atamwalira mu Febuluwale, atangodwala sabata imodzi. A Policarpo anapepesa maliro, nakhala pansi. Mayiwo anatembenuza chimanga pamoto kanthawi, kenako anayankhula osadzutsa mutu.

"Tiyo Policarpo, inu mwajambula pano zaka zonsezi. Amuna anga sanalowemo m'zithunzi zanuzo? Kunyumba kulibe foto yawo ngakhale imodzi. Chiphaso chawo chinanyowa, nkhope inafufutika. Mwana wanga wamng'ono adzakula osawadziwa."

"Mayi, ine sindijambula anthu," anayankha. Mawuwo atatuluka anawamva kuuma kwake, nachita manyazi. Zaka zisanu ndi ziwiri akumwa madzi a mayiwa, ndipo sanaganizepo zowalozetsa foni iwo kapena amuna awo. "Koma ndikayang'ana. Sindikulonjeza."

Kunyumba anatsitsa kabotolo kaja. Munali makadi asanu ndi atatu, zithunzi zosawerengeka. Maso awo anali atayamba kufooka, ndipo tsiku loyamba anangopweteketsa mutu. Lamulungu pochokera ku Misa a Lídia anakoka mpando pakhonde, nawalanda foni.

"Inu mukuyang'ana komboyo. Bweretsani kuno. Munthuyo ngwotani?"

"Wamtali, wowonda. Njinga yake ili ndi chitsulo chofiira kumbuyo."

Anakhala pakhondepo Malamulungu atatu, foni ikuchajidwa pasola. A Lídia ankakulitsa m'makona mwa chithunzi chilichonse ndi zala ziwiri, ndipo a Policarpo anayamba kuona zimene anajambula osadziwa: amayi atasenza mitolo ya nkhuni akudikira kuti awoloke, ana a sukulu atatseka makutu, mbuzi, mtengo wa msawu umene m'zithunzi za pambuyo pake unali chitsa chokha. Mwana wa a Genoveva ankaoneka ali kumsana, kwinaku akukwawa, kwinaku ataima yekha atagwira chitenje cha mayi ake.

A Felisberto anapezeka m'zithunzi zisanu ndi chimodzi. Mu zinayi anali msana wokha. M'china munali mwendo ndi thumba la makala. Chomaliza anachipeza a Lídia, nakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. Bamboyo anali kudzanja lamanzere, phazi limodzi pansi, lina papedulo, nkhope atatembenuzira kwa wojambula, kukamwa kuli yasa, dzanja litaloza sitima.

Ulendo wotsatira a Policarpo anapita nacho kusitudiyo ku Tete. Mwini situdiyo anati adule sitimayo kuti munthu akule. Atayesa, nkhope inakuladi koma inachita mbuu ngati yoonera m'madzi. A Policarpo anatsukitsa zonse ziwiri, chodula ndi chathunthu, naziika m'pulasitiki.

A Genoveva anapukuta manja pachitenje asanalandire. Chodulacho anachiyang'ana pang'ono n'kuchiika pamiyendo. Chathunthucho anachigwira nthawi yaitali, kenako anaphulika kuseka.

"Ndi iwowo! Apa akuikalipira komboyo. Tsiku lililonse ankati ikuwachedwetsa kumsika, anzawo atenga makasitomala onse. Ankachita kuiuza kuti ifulumire, ngati imamva."

Kusekako kunathera m'misozi. Amayi ena ogulitsa anabwera, chithunzi chikuyenda dzanja ndi dzanja, aliyense akukumbutsa zimene malemuyo ankanena. 

Ali pomwepo huta inalira chakumadzulo. A Policarpo sanasunthe pakampando kawo, poona kuti si nthawi yake.

"Tiyo, pitani," anatero a Genoveva akupukuta m'maso. "Ikusiyani."

Anachita kuwakankha kuti anyamuke. Pamene ankatulutsa foni m'thumba la jekete mitu inali itadutsa kale, ndipo anangojambula mabogi akumapeto ndi fumbi.

Madzulo a tsikulo anakwera shapa atanyamula tambala wamoyo, miyendo yomanga ndi luzi. Anayesa kukana, koma mayiwo anati tambalayo si wawo, ndi wa mayi a kunyumba amene anapeza chithunzicho. A Lídia sanamuphe. Anati tambala wa kuchigwa ngwa mtundu wabwino, namusiya kuti azitsogolera nkhuku zawo.