Munkoyo wa M'manja mwa Mlendo

Kuno kwathu munthu sakupatsa chakumwa asanalaweko. Amayamba wamwa iye, iwe ukuona, kenako n'kukupatsira chikho. Ambiri masiku ano amangokhudzitsa mlomo kuti mwambo uoneke. Ine ndimayang'ana pakhosi. Pakhosi pakapanda kugwedezeka, chikhocho ndimachiika pansi. Ndinayamba zimenezi chaka chimene bambo wa ana anga anachokera ku mowa wa dima mimba ikupota, n'kumwalira itatupa. Kuchipatala anati ndi chiwindi. Iwo anene zawo. Munthu amene anawapatsa chipanda tsiku limenelo ndimakhala naye tchalitchi chimodzi mpaka lero. Kuyambira pamenepo sindinadyenso cha m'manja mwa munthu, ngakhale cha mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga wamwamuna, amene khomo lake layang'anana ndi langa.

Mlendo anabwera naye ndi amayi a mumpingo. Anali wa ku Burundi, mayi wamtali, wocheperapo kwa ine ndi zaka zambiri ndithu. Mwamuna wake anali atamwalira kuchipatala cha ku Mpanshya, ndipo analibe kolowera. Amayiwo anati popeza adzukulu anga anapita ku Lusaka, chipinda chili chabe, ndimusunge. Ndinakana. Anabweranso ndi mavesi. Ndinavomera kuti andileke, koma chitseko cha chipinda changa ndinachigulira loko, ndipo mchere ndi ufa ndinkagona nazo.

Ndinkamuzonda. Ndinkadziwa kumene wataya madzi osamba, kumene waika tsitsi akapesa. Sindinapeze kanthu, ndipo zimenezo zinandiwonjezera mantha. Ankadzala nyemba zoyanga pa timitengo kuseri kwa nyumba, n'kumagulitsa tomato kumsewu waukulu kumene mabasi amaima. Kenako anaphunzira kuphika munkoyo, chakumwa chathu cha ufa wa chimanga ndi mizu, ndipo tsiku lina masana anabwera nawo, n'kugwada, chikho atachigwira ndi manja awiri.

"Amama, imwani. Dzuwa lakula."

Sanalawe. Mtima wanga unati, si izi. Ndinalandira, ndinathokoza, ndipo atatembenuka ndinakathira kuseri kwa nkhokwe. Mawa lake chimodzimodzi. Zinapitirira choncho mpaka nkhuku zinazolowera, zikangondiona ndi chikho zinkanditsatira. Ndinkaziyang'anitsitsa kuti ndione yoyamba kufa ndi iti. Zinkangonenepa.

Nkhukuzo n'zimene zinandiulula. Anandipeza nditawerama, chikho chili chozondoka.

"Amama, ndi wowawa?"

"Sindikudziwa. Sindinaumwepo."

"Nanga ndalakwa chiyani?"

"Simulawa. Kuno wopatsa amayamba ndiye, kuti tione ngati mulibe kanthu."

Anagwira pakamwa. Anati kwawo anamulera kuti mwana sayika mlomo pa chikho cha munthu wamkulu, kumeneko n'kumupatsa zotsala. Masiku onsewo iye ankandilemekeza, ine ndikumuyesa wakupha. Anakhala pansi pomwepo pa dothi n'kuseka mpaka misozi. Atatha anati, "Amama, kwathu akupha sanavutike ndi chikho. Anabwera masana, ndipo tinkawadziwa mayina. Wina ndinamubereka kumsana ali khanda."  Ndinangoona kuti mayi ameneyu amadziwa anthu monga ndiwadziwira ine, kapena kuposa.

Kuyambira tsikulo ankalawa, koma mwachipongwe. Ankamwa theka la chikho, n'kutembenuza maso, n'kudzigwetsa pa mphasa.

"Mayo, ndafa! Mundiike pafupi ndi nyemba zanga!"

"Dzuka iwe, wandimwera wonse. Mfiti yanji yadyera chonchi?"

"Mfiti yosauka, amama. Mankhwala anakwera mtengo."

Ndi pamene ndinasiya kumutchula kuti inu. Ndinayamba kudya nyemba zake zophika ndi nthochi zosapsa, chakudya chimene poyamba ndinkati n'cha nkhumba. Loko ndinamusiya pachitseko, koma kiyi ankangokhala pawindo. Tinakhala choncho mvula zingapo. Sindinganene kuti ndinkamukhulupirira. Ndinkakhulupirira khosi lake.

Chaka china, nyengo yozizira, ndinadwala malungo ndipo miyendo inakana. Iyenso anali ndi chifuwa choipa, akumwa mapiritsi a kuchipatala, ndipo adokotala anamuuza kuti chikho chake chikhale chakechake. Anabwera ndi phala lamadzimadzi n'kuima pakhomo.

"Lero sindilawa, amama. Ndikalawa ndikupatsani chifuwa."

"Lawa pa supuni ina."

"Ndalawa kukhitchini."

"Ine sindinaone."

"Simunaone. Mukafuna ndiitane nkhuku."

Sanaseke. Ndinayang'ana chikhocho nthawi yaitali. Ndinaganiza za munda, za nyumba, za zonse zimene munthu angaphere nkhalamba. Ndinaganizanso kuti akanafuna, chifuwacho chinali chokwanira, akanangolawa monga mwa masiku onse ine n'kumwa mokondwa. Ndinamwa. Ndinagona chagada kudikira mimba kuti iyambe kupota. Inangolira njala, ndipo ndinapempha lina.

Pazenera panali mpongozi wanga. Anali atabwera ndi mbale yake ya phala, imene ndinaibweza dzulo lake monga ndinkachitira nthawi zonse. Anaona zonse. Anangotembenuka ndi mbale yake.

Sabata isanathe nkhani inali ponseponse, kuchigayo, kumjigo, ngakhale pa maliro. Ankati gogo uja amene sadya za munthu wadyetsedwa. Mlendo wamuika m'botolo, akufuna malo a gogoyo a m'mbali mwa msewu. Amayi omwe aja amene anamubweretsa ndi mavesi anasiya kumugula tomato. Mwana wanga anatsika minibasi kuchokera ku Lusaka, kumene amagwira ntchito, nkhope ili gwa.

"Amama, mkazi wanga wakuberekerani adzukulu, mbale yake mumabweza. Uyu simudziwa ngakhale kumudzi kwawo, mukumwa osalawa. Si mankhwala amenewo?"

"Mankhwala ake ndi oti sanandinamizepo."

Anatembenukira kwa mnansi amene ankamvetsera. "Mwamva ba neba? Ndi mmene amalankhulira odyetsedwa."

Ndinalankhula zambiri tsiku limenelo, koma chilichonse chimene ndinanena chinkasanduka umboni. Ndikamuteteza, ndadyetsedwa. Ndikakhala chete, ndavomera. Pomaliza mwana wanga anapita kwa mlendoyo n'kumufunsa mwaulemu kwambiri ngati mapepala ake okhalira m'dziko muno ali bwino, chifukwa pali anthu ena amene angafune kuwaona. Mlendo anangoti, "Ndamva, bambo."

Ndinamuuza kuti nyumba ndi yanga, asapite. Anapukusa mutu.

"Amama, ndikudziwa mmene zimayambira. Amayamba kusiya kukugula tomato."

M'mawa mwake anamanga katundu wake mu chitenje chimodzi. Anandiphikira munkoyo wodzaza chigubu, nathira m'chikho, n'kugwada.

"Ndilawe?"

"Bweretsa kuno."

Ndinamwa wonse iye akuona. Anakwera basi yolowera kum'mawa, chifuwa chisanapole. Ananena kuti akafika adzaimba pa foni ya mnansi. Mnansiyo amati sanaimbe. Mwina sanaimbedi, mwina anaimba. Ndani angandiuze zoona pano?

Anthu amati ukakhala ndi mlendo umaphunzira. Ine ndinaphunzira kuti munthu wokhulupirika alipo, ndipo kudziwa zimenezo sikunandithandize. Kale ndinkakhala bwino ndi njala yanga, ndikuganiza kuti anthu onse ndi amodzi. Tsopano ndikudziwa kuti analipo mmodzi, ndipo chimene chinamuchotsa ndi chikho chomwe ndinamwa. Ndikanapitiriza kuthirira nkhuku, bwenzi lero ali kuseri akumangira nyemba zake.

Nyembazo zinandikanika. Timitengo tinadyedwa ndi chiswe, mbewu inafumbwa. M'chipinda chake mwana wanga anaikamo matumba a feteleza. Manja anga tsopano amanjenjemera, poto sindingathe kumuteula bwino, ndipo mpongozi wanga ndiye amabweretsa chakudya. Amalawa, inde, amachita kukweza chikho kuti anthu a pabwalo aone.

"Mwaona amama? Ndamwa. Kapena ndiitane wa ku Burundi?"

Koma maso anga achita chifunga. Ndimaona chikho chikukwera, ndimaona chikutsika, pakhosi sindipaonanso. Ndimamuuza kuti asiye pamenepo ndidya pambuyo. Nkhuku anazigulitsa.

Ndimadya za makoko, zimene ndimasenda ndekha: nthochi, mtedza, dzira ndikaliwiritsa ndi manja anga. Chitenje chayamba kuzungulira kawiri m'chiuno. Adzukulu akabwera pa tchuthi amati ambuya mwaonda, tikupititseni kuchipatala. Ndimawauza kuti ndi ukalamba. Dzulo mbale ya mpongozi inakhala pakhomo mpaka nyerere zinaipeza. Ndinaigwira, ndinainunkhiza, inali nyemba. Ndinaibweza pomwe inali.