Mawu Anayi Otsala

Akulu anga ndi telala. Akhala akupalasa makina osokera pawindo la pabalaza kwa zaka makumi atatu, ndipo sindinawamvepo akudandaula. Wapakamwa kwathu ndine. Iwo mawu amachita kuyeza ngati nsalu ya eni.

Ndiye anakwatiwa ndi munthu wolongolola. Alamu anali dalaivala wa basi, ndipo akaweruka ankalowa m'nyumba nkhani ili kale pakati. Akulu angawo fumbi la nsalu limawavuta, tsono akangoyetsemula, alamu ankayankha ali paliponse, ngakhale kubafa sopo ali kumaso: "Mulungu akusungeni, akazi anga."

Tsiku lina ndinawafunsa kuti zodalitsa munthu akayetsemula zinayamba bwanji. Ndinaziputa dala. Anati kale anthu ankaopa kuti mzimu uthawira m'mphuno, ndiye ankaubweza ndi dalitso usanapite patali. Sabata yotsatira nkhani inasintha: akuti kunagwa mliri woyamba ndi kuyetsemula, anthu n'kumatsanzikiranatu. Nditawauza kuti nkhani zawozo zikutsutsana, anangoseka. "Mlamu, ine kunalibe. Chomwe ndikudziwa n'chakuti munthu sayetsemula yekha ngati mbuzi."

Chaka chatha sitiroko inawagwetsa alamu akumanga nsapato. Anatuluka m'chipatala mbali yakumanja itafa, pakamwa patapotoka, mawu onse atapita. Ana awo awiri ali kutali, amaimba foni Lamlungu. Anzawo a kumabasi anabwera mwezi woyamba, kenako zii. Sindikuwanena, nanenso ndimangopita Lachitatu lokha. Kucheza ndi munthu wosayankha kumalemetsa, tisanamizane.

Akulu anga anakokera mpando wa alamu pafupi ndi makina. Ankawafotokozera zonse, za mayi wofuna diresi yothina pomwe thupi likukana, za singano yothyoka. Alamu maso ali kukhoma. Nyumba yomwe kale sunkapeza mpata woponya liwu inangotsala ndi kulira kwa makina.

Patatha miyezi isanu akulu anga anandiimbira foni masana. Ankadula nsalu ya makatani, anayetsemula, ndipo pampando paja panatuluka mawu aja a dalitso, onse anayi, omveka bwino ngati kale.

"Alankhula," anatero. "Akundidziwa, m'bale wanga. Ali momwemo."

Tinayesa zonse kuti atulutse ena. Tinawatchulira mayina a ana, tinawaonetsa zithunzi, ine mpaka kuwaputa kuti basi ankayendetsa ngati ngolo. Palibe. Koma akulu anga akayetsemula, mawu aja ankabwera.

Lachitatu lina ndinawapeza akulu anga mphuno itafiira, kampango kali ndi timadontho ta magazi. Anati n'chimfine. Pofuna ulusi ndinatsegula kabati ya makina, n'kupeza kabotolo ka tsabola wopera pakati pa mabatani. Ndinapsa mtima, ndipo ndinawakalipira ngati ine ndiye wamkulu.

"Asisi, mwapenga kodi? Mukufuna tidwazike anthu awiri?"

Sanakweze mawu. "Ndi katatu kokha patsiku. M'mawa, masana, ndi potseka makina. Iwe kwako umachita kuthawa phokoso la ana. Ine kuno tsiku lonse ndimamva mawu anga okha."

Ndinabwezera kabotoloko pamalo pake. Ndinamva chisoni chomwe sindinamvepo ngakhale tsiku lomwe alamu anagwa.

Mayi wa kuchipatala amene amabwera kudzawongola alamu miyendo anayesa kuwafotokozera akulu anga mofatsa. Anati odwala otere ena amawerenga mpaka khumi, ena amaimba nyimbo yonse, chifukwa pakamwa panazolowera, koma sizitanthauza kuti akudziwa yemwe ali naye. Atachoka, akulu anga anandiyang'ana.

"Iwowo anaphunzira za m'mabuku. Ine munthuyu ndakhala naye zaka makumi atatu. Akanakhala kuti sakundidziwa, bwenzi akuti akazi anga?"



Sabata yatha ndinapitako monga mwa masiku onse. Akulu anga anali kukhitchini kutenga madzi owasambitsira, ine ndikukutumula bulangete la pamiyendo pa alamu. Fumbi linandilowa. Ndinayesa kutsina mphuno, koma zinakanika. Ndinayetsemula iwo ali pakhomo, beseni lili m'manja.

"Mulungu akusungeni, akazi anga."

Alamu sanatembenuke n'komwe. Maso anali kukhoma komwe kuja, mawu ake omwewo, kakomedwe kake komweko. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Akulu anga anaika beseni pansi mosamala, osataya dontho. Anawapukuta alamu kumaso, m'khosi, m'khwapa. Anawaveka malaya oyera n'kumanga mabatani onse mpaka lapakhosi, monga momwe alamu ankakondera ali pantchito. Ine ndinangoima ndi bulangete lija ngati mlendo. Ndinkafuna kunena kuti mwina anasokoneza poti mawu athu amafanana, koma bodza lake linali loonekeratu.

Atatha anandiperekeza mpaka pageti, zomwe sachita kawirikawiri poopa kusiya wodwala yekha. Maso awo anali ouma, koma nkhope inali itakalamba.

"Lachitatu ubwere," anatero. "Usaleke, ndilibe wina."

"Ndibwera, asisi."

Anagwira chitseko cha geti, n'kuyang'ana kuwindo komwe kunkaoneka mutu wa alamu.

"Koma ukamva kuti kukubwera kuyetsemula, uzithamangira panja. Ndamva, ndaona, usandifotokozere. Ungondisiyira mawu amenewo, ndi okhawo amene ndatsala nawo."