Maso achikasu a mayi Khairat

Mayi Khairat a ku Kobwe ankakazinga mandazi n'kumagulitsa padoko, makamaka tsiku lofika sitima ya Ilala. Anali Msilamu wosaphonya swala, ndipo mowa sanaulawepo chibadwire. Koma maso awo atachita chikasu, thupi n'kumayabwa mpaka kudzikanda ndi chitsononkho, namwino wa pachipatala chaching'ono anawafunsa odwala anzawo akumva: "Amayi, kachasu mumamwa wochuluka bwanji?"

Anabwerako ndi mankhwala a malungo. Ulendo wachiwiri anawapatsa a njoka zam'mimba, poti anali atayamba kutsegula m'mimba mwa magazi. Wachitatu anawayeza kachilombo osakapeza, koma mphekesera inali itafika kale padoko. Mandazi ankangouma m'beseni.

Panapita zaka ziwiri asanawalembere giya, kalata yowatumiza kuchipatala chachikulu. Amuna awo, a Selemane, anasiya maukonde n'kuwaperekeza: boti mpaka Metangula, minibasi ya chapa mpaka Lichinga, ndiye kumeneko anawatumizanso kutsogolo, kumzinda wa masiku awiri pamsewu.

Dokotala wa kumeneko atayeza magazi anati, "Si mowa, si kachilombo. Chitetezo cha m'thupi mwanu chikumenya chiwindi ndi matumbo anu omwe. Nanga munachedweranji chonchi?"

Mayi Khairat anangowerama. Anayankha ndi a Selemane, mawu ali pansipansi: "Sitinachedwe ife, adokotala. Zaka ziwiri takhala tikupita kuchipatala."

Anawapatsa mapiritsi a miyezi iwiri, akumwa tsiku lililonse, nati akatha abwerenso. Ndipo anathandizadi. Maso anayera, kuyabwa kunaleka, mayiyo mpaka anayambiranso kukanda ufa.

Kenako mvula inagwa, msewu n'kuduka, boti n'kumabwera mwa apo ndi apo. Anapita ndi kabokosi ka mapiritsi kwa namwino uja. Namwinoyo anakatembenuza uku ndi uku, akuwerenga dzina la mankhwalawo. "Awa kuno sitinawaonepo, amayi."

Mayi Khairat anayamba kumwa theka la piritsi, kenako kachibenthu. Mapiritsi atatha, mimba inatupa ngati ya pakati, miyendo n'kulemera. Anamwalira mvula isanakate, ali pamkeka pakhonde pawo.

Patatha milungu itatu foni ya a Selemane inalira iwo akusoka ukonde. Anali mlembi wa kuchipatala chachikulu chija. Anati dokotala wasintha tsiku, wodwalayo afike Lachinayi m'mawa, asanadye kanthu.

"Ndamva," anatero a Selemane, n'kuibwezera foniyo m'thumba.