Pamene sitima za ku Russia zinafika ku Mbenji

Chizindikiro choyamba chinali mutu. Unali mwezi wa Malichi, mvula isanathe, pamene amuna anga, a Mbewe, anabwera kuchokera kumsika wa Khombedza akudandaula kuti mutu ukuwawa ndipo thupi likuphwanya. Anamwa panado n'kukhala pakhonde. M'mawa mwake anakana phala, n'kufunda bulangete dzuwa likuswa mtengo. Ine ndinkati ndi chimfine.

Kuti mumvetse chimene chinandisokoneza, muyenera kuwadziwa bambowa. Anaphunzitsa mbiri yakale kusekondale mpaka kupuma pantchito, koma pakamwa pawo sipanapume nawo. Chaka chimenecho mtima wawo unali pa nkhani imodzi imene ankawerenga pafoni. Akuti mu 1919, anthu a ku Russia akumenyana okhaokha, Angerezi anatumiza timaboti ta injini taliwiro kukaphulitsa sitima zankhondo za ku Russia zili padoko ku nyanja ya Baltic. Ankandionetsa ndi patapata ndi chitsononkho. Patapata ndiye boti, chitsononkho ndiye bomba loyenda m'madzi. Bombalo linkagwetsedwa kumbuyo kwa boti n'kumalowera komwe botilo likupita, choncho woyendetsa ankayenera kukhota msanga kuti lisamuphulitse yekha. Nkhaniyi ndinaimva mpaka kuiloweza, ndipo ndinazolowera kumangoti "eya" uku ndikupeta mpunga.

Tsono pamene anayamba kunena za mabotiwo thupi likutentha, sindinadabwe. Anati sitima za ku Russia zaima ku Mbenji, chilumba cha panyanja yathu ino, wina akauze asodzi asapiteko. Ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala ndipo ayamba kupeza bwino. Kenako anandifunsa ngati ndathira mafuta mu injini. Ife tilibe boti, ngakhale bwato lenileni. Ndinangoti kakasi ndi lichero m'manja, osadziwa ngati ndiseke kapena ndikuwe.

Tinawakweza pa njinga yamoto, ine kumbuyo ndikuwagwira, kupita kuchipatala chaching'ono chakwathu. Anawabaya pachala, n'kupeza malungo. Tili pabenchi bambowa anayamba kuphupha, ndipo achipatala anatitumiza kuchipatala chachikulu pa ambulansi. Kumeneko dokotala anandifunsa kuti, "Mayi, ayamba liti kuyankhula zosokonekera?" Ndinati, "Adokotala, zimenezi amayankhula tsiku lililonse." Anandiyang'ana ngati wodwalayo ndi ine. Kenako anati malungowo afika kuubongo, ndipo anandiuza mosabisa kuti ena amadzuka koma nzeru sizibwerera zonse.

Moyo wa m'wodi unali wodikira. M'mawa ankatitulutsa ife osamalira odwala kuti akolope, tinkakhala pansi pa mtengo ndi mabeseni athu mpaka madokotala atamaliza kuzungulira. Anamwino ankabwera ndi jakisoni panthawi yake, kuyeza kutentha kwa thupi, kuyeza shuga, kusintha diripi. Masiku anasakanikirana m'mutu mwanga, moti sindikudziwa kuti Lamulungu linadutsa liti.

Vuto lalikulu linali loti bambowa ankadziponyera kumbali kwa bedi akukuwa kuti, "Khotani! Khotani!" Ulendo wina anazula diripi, magazi ali mbwee pansalu. M'wodi monse ine ndekha ndinkadziwa chimene akuthawa. Tsiku lina, posowa chochita, ndinawanong'oneza kuti, "Takhota kale, bambo a Tadala. Ladutsa." Anapumira m'mwamba n'kugona. Kuyambira apo ndinkatero nthawi zonse, koma mtima sunali m'malo. Kodi ndinkawathandiza, kapena ndinkawakankhira mkati mwa misalayo? Mpaka lero sindidziwa bwinobwino.

Alamu anga, achemwali awo a bambowa, atabwera kudzazonda anandikokera pakhomo n'kunena kuti munthu sakuwa za maboti popanda chifukwa, pali amene wawatchera, tiwatulutse tikayesere kwina. Ndinatsala pang'ono kuvomera, chifukwa mankhwala ankalowa koma kusintha sindinkakuona. Namwino wina wachikulire anatimva. Anati, "Malungo akalowa m'mutu amatola zimene apezamo. Wina amaimba zakwaya, wina amatsatsa tomato. Awa apezamo maboti. Mukawatulutsa mankhwala asanathe, mukawataya." Tinakhala, ngakhale alamuwo anapita osanditsanzika.

M'mawa wina thupi linazizira. Anatsegula maso, n'kupempha madzi ndi magalasi awo. Dokotala anawafunsa dzina ndi kumene ali, anayankha bwino, ndipo iye anakhutira. Ine ayi. Dzina ankalidziwa ngakhale pamene ankayendetsa boti pabedi. Dokotala atachoka ndinasendera pafupi n'kufunsa kuti, "Kodi sitima za ku Russia zija zili kuti?"

Anandiyang'ana modabwa. "Ku nyanja ya Baltic, nanga zingakhale kuti?"

"Osati ku Mbenji?"

"Mayi a Tadala, ku Mbenji kuli utaka. Chaka chonse chija ndinkalankhula ndi khoma?"

Ndinalira mpaka mayi amene ankasamalira wodwala wa pabedi loyandikana anayamba kundipepesa, poganiza kuti zavuta.

Pano ali bwino. Kwa milungu ingapo ankatopa msanga ndipo ankayenda ndi ndodo, koma tsopano amapalasa njinga mpaka ku Khombedza. Za m'chipatala sakumbukira kalikonse, ndipo ndikawauza amati ndikuwonjezera mchere. Neti yoteteza ku udzudzu imene inkangokhala m'sutikesi tinaimangirira.

Kwa amene mukuwerenga, ndikuti thupi likatentha musadalire panado, kayezetseni tsiku lomwelo. Ndipo wodwala akamayankhula, mvetserani ndithu, ngakhale zikhale nkhani zimene munatopa nazo. Ine ndinachedwa chifukwa makutu anga anali atazolowera.

Patapata ndi chitsononkho zinabwereranso pakhonde. Masiku ano akayamba nkhani yawo ndimaika lichero pansi n'kumvetsera, ndipo iwo amanyadira kuti mkazi wawo wayamba kukonda mbiri yakale. Sindinawauze kuti ndimangofuna kumva ngati sitimazo zikadali kwawo.